Mukasintha domain ya webusaiti, auzeni a malonda musanasamuke

Funso ili ndaliyankha kokwanira. Mwezi sutha osabwera munthu ndi mawu omwewa: "Ndagula domain yatsopano, nkhani zake ndi zomwe zija, mwini wake ndine ndemwe. Kodi kampani imene imaika malonda pa webusaiti yanga ndiiuze?" Ena amafunsa madzi atafika kale m'khosi. Adzuka m'mawa, apeza pamene pankaoneka malonda pangotsala malo opanda kanthu, ndalama za tsikulo zikuwerenga 0. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi, kuti wotsatira ndidzangomupatsa linki.

Inde, auzeni. Ndipo muwauze musanasamuke.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti amaganiza kuti wovomerezedwa ndi munthu basi. Zoona, munavomerezedwa inuyo, n'chifukwa chake muli ndi akaunti. Koma adiresi ya webusaiti nayonso inavomerezedwa payokha, ndipo chilolezo chimenecho sichikutsatirani kumene mukupita. Akaunti imakhalabe yanu, ndalama zimene zili m'menemo sizisowa, nambala yanu sisintha. Chimene chimatsalira pa domain yakale ndi chilolezo choonetsa malonda. Mukamva wina akudzitama kuti "ine ndinangomata code pa webusaiti ina, malonda n'kubwera okha", dziwani kuti akukamba zakale. Kuyambira chakumapeto kwa 2018, Google AdSense, ntchito ya Google yoika malonda pa mawebusaiti, imafuna kuti webusaiti iliyonse yatsopano ilembetsedwe mu akaunti ndi kuunikidwa kaye malonda asanayambe kuoneka. Makampani enanso ambiri amatero.

Tigwirizane kaye pa mawu ochepa. Domain ndi dzina la adiresi, monga example.com. Host ndi kampani imene imasunga mafayilo anu pa seva yake, ndipo mutha kusintha host koma domain n'kukhala yomweyo. DNS ndi kaundula amene amauza intaneti kuti dzina lakutilakuti likupezeka pa seva yakutiyakuti. Redirect ndi lamulo limene mumaika pa seva kuti wofika pa adiresi yakale apititsidwe yekha ku yatsopano; ya 301 imatanthauza kuti "tasamukiratu", ya 302 imatanthauza kuti "tachokapo pang'ono, tibweranso". Crawler ndi pulogalamu imene imayendera masamba n'kumawerenga zimene zilipo m'malo mwa kampani. Publisher ID ndi nambala yanu ku AdSense, imayamba ndi pub- kenako manambala 16. Code ndi timizere ta pulogalamu timene kampani ya malonda imakupatsani kuti mumate m'masamba anu.

1. Onani kaye ngati kusintha kwanu n'kusinthadi domain

Si kusintha kulikonse kumene kumafuna chilolezo chatsopano. Ngati mukuchoka pa http kupita pa https, kapena mukuchotsa www kutsogolo kwa dzina, kapena mwangosintha host, domain ikadali yomweyo ndipo simukufunika kulembetsanso. Ngati mukutsegula gawo latsopano pansi pa domain yovomerezeka kale, monga nkhani.example.com, ku AdSense kuyambira 2023 gawo loterolo limayendera chilolezo cha domain yaikuluyo.

Koma kuchoka pa example.com kupita pa example.org ndi kusamuka kwenikweni, ngakhale dzina lakutsogolo silinasinthe. Kuwonjezera chilembo chimodzi kapena kamzere pakati pa dzina ndi kusamukanso. Chimodzimodzi kuchoka pa adiresi yaulere yothera ndi blogspot.com kupita pa domain yogula nokha. Apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa m'maso mwawo webusaiti ndi yomweyo ndipo amalowera pa khomo lomwelo polemba nkhani. Kwa a malonda imeneyo ndi webusaiti ina.

2. Lembani onse amene amakulipirani

Tengani pepala. Anthu amakumbukira kampani yaikulu yokha n'kuiwala ena onse. Lembani kampani ya malonda odziika okha monga AdSense kapena Media.net. Lembani kampani imene imakuyendetserani malonda onse ngati muli nayo, monga Mediavine, Raptive kapena Ezoic. Lembani amene amakupatsani komishoni munthu akagula kudzera pa linki yanu, monga Amazon Associates. Lembani amalonda amene munagwirizana nawo pamasom'pamaso kuti chithunzi chawo chikhale pamwamba pa tsamba kwa miyezi ingapo. Ngati muli ndi app imene imaonetsa malonda, ilembeninso, chifukwa imadalira fayilo imene imakhala pa domain yanu.

Njira yosavuta yokumbukira ndi kutsegula fayilo ya ads.txt (mndandanda wa makampani amene munawalola kugulitsa malo a malonda) ya webusaiti yakale n'kuwerenga mayina amene ali m'menemo, kenako kuyang'ana kumene ndalama zakhala zikuchokera chaka chonse chapitachi.

3. Fufuzani mbiri ya domain yatsopano

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina lokongola, lalifupi, limene mwalipeza lilibe mwini, nthawi zambiri linali ndi mwini kale. Ngati iyeyo ankaikapo zolaula, mafilimu akuba, njuga zosaloledwa kapena mapulogalamu oononga makompyuta, mbiri imeneyo ikhoza kukupezani inuyo pamene a malonda akuunika.

Lowani pa Wayback Machine ya Internet Archive, lembani dzinalo, muone zimene zinkakhalapo zaka zam'mbuyo. Lifufuzeninso pa tsamba la Google la Safe Browsing kuti muone ngati linaikidwapo chizindikiro choopsa. Mukangolitsimikizira kuti ndi lanu mu Google Search Console, chida cha Google choonera mmene webusaiti ikuonekera pa kufufuza, tsegulani gawo la Manual actions ndi la Security issues. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 20. Mukapeza zonyansa zambiri, maganizo anga ndi akuti sankhani dzina lina. Ndalama zogulira domain ina ndi zochepa poyerekeza ndi miyezi yolimbana ndi mlandu wa munthu amene simukumudziwa.

4. Musatsegule akaunti yachiwiri

Ndaika izi pazokha chifukwa ndi zimene anthu amathamangira. Amaganiza kuti domain yatsopano ikufuna akaunti yatsopano, atenga imelo ina, alembetsanso. Lamulo la AdSense ndi akaunti imodzi pa munthu mmodzi. Akazindikira kuti ndinu yemwe uja, yachiwiriyo saivomereza mpaka imodzi itatsekedwa, ndipo mwataya masabata pachabe. Akaunti imodzi imatha kukhala ndi mawebusaiti ambiri. Ndalama zanu zimapitiriza kuwunjikana pamodzi, zikakwana madola 100, kapena ndalama zofanana nazo za mtundu umene akaunti yanu imagwiritsa ntchito, amakulipirani monga mwa nthawi zonse pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira.

5. Lemberani makampani amene muli ndi munthu wolankhula naye

Ku AdSense "kuwauza" sikutanthauza kulemba kalata. Kumatanthauza kuwonjezera domain mu akaunti, zimene tifikapo pa sitepe yotsatira. Koma makampani amene amakuyendetserani malonda ali ndi anthu othandiza, ndipo amenewo alembereni msanga, mwezi wathunthu tsiku losamuka lisanafike ngati n'kotheka. Chifukwa chake n'chakuti iwonso sasankha okha. Ambiri amagulitsa malo anu kudzera mu Google Ad Manager pa dongosolo lotchedwa MCM, lolola kampani kugulitsa malo a mawebusaiti a anthu ena, ndipo domain yatsopano iyenera kuvomerezedwa kumeneko. Ilinso ndi ulendo wokavomerezedwa ndi misika ina ya malonda imene kampaniyo imagwira nayo ntchito, uliwonse pa nthawi yake.

Uthenga wanu usakhale wautali. Tchulani domain yakale, domain yatsopano, tsiku limene mukufuna kusamuka, ndipo nenani kuti nkhani ndi mwini wake sizikusintha. Kenako funsani mafunso atatu: kodi domain yatsopano iyenera kuvomerezedwa kaye, zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi code kapena ads.txt isintha? Musasamuke yankho lisanabwere. Werenganinso mgwirizano umene munasaina, chifukwa migwirizano ina imatchula domain ndi dzina lake lenileni.

Ngati kampani yanu inakuuzani kale kuti DNS ya webusaiti izidutsa kwa iwo, funsaninso mmene zikhalire pa domain yatsopano. Mukaiwala zimenezi, webusaiti imatseguka bwinobwino koma malonda osaoneka, inu n'kumasakasaka vuto kumene kulibe.

Ku Amazon Associates n'kosavuta: mu akaunti muli mndandanda wa mawebusaiti amene mumaikapo malinki awo, ndipo malamulo awo amafuna kuti mndandandawo ukhale wolondola. Onjezerani domain yatsopano musanaikepo linki ngakhale imodzi. Amalonda amene munagwirizana nawo mwachindunji auzeninso. Munthu amene analipira kuti aoneke pa dzina linalake asadzidzimuke kuona malonda ake ali pa dzina limene sanalimvepo.

6. Sitepe yovuta: kupeza chilolezo webusaiti isanasamuke

Malangizo ambiri amangoti "onjezerani domain yatsopano mu akaunti, dikirani kuti ivomerezedwe, kenako samukani", ngati kuti ndi zinthu zongodina. Vuto lake nali. Kuti AdSense iunike domain yatsopano, pa domain imeneyo payenera kukhala webusaiti yamoyo, yokhala ndi nkhani zenizeni, yotseguka kwa aliyense. Koma nkhani zanu zili pa domain yakale, kumene zikukupangirani ndalama. Mukazisamutsa lero, malonda aima mpaka chilolezo chibwere. Google yokha imanena kuti kuunika kumatenga masiku ochepa, koma nthawi zina masabata 2 mpaka 4. Mukapanda kuzisamutsa, palibe choti aunike.

Njira zilipo zitatu, ndipo imodzi ndi yosathandiza. Tiyambe ndi imeneyo.

Yosathandizayo ndi kuika katsamba kamodzi kolembedwa kuti "tikubwera posachedwa", kapena tinkhani tiwiri titatu tongolemba mwachangu, n'kupempha kuti aunike. Yankho limabwera lakuti webusaiti ilibe zinthu zokwanira kapena ndi ya phindu lochepa. Mwadikira masabata kuti mumve zimene mukanadziwiratu.

Yachiwiri ndi kusamuka kaye, kuika redirect, n'kupempha chilolezo tsiku lomwelo. Ndi njira yoongoka, ilibe zosokoneza, koma mumavomereza kukhala masiku angapo kapena mwezi wathunthu opanda ndalama za malonda. Ngati webusaiti yanu imapanga ndalama zochepa kwambiri pa mwezi, musadzivutitse, tsatirani imeneyi.

Yachitatu ndi imene ndimalangiza aliyense amene ndalama za malonda amazidalira. Mumakopera webusaiti yonse n'kuiika pa domain yatsopano, yakale ikugwirabe ntchito osaikhudza. Mumapempha chilolezo cha yatsopanoyo. Chikabwera, m'pamene mumasamuka. Koma pali mfundo zinayi zoti zichitike molondola.

Choyamba, kwa kanthawi mudzakhala ndi nkhani zofanana pa ma adiresi awiri, ndipo simukufuna kuti Google Search isokonezeke kuti mwini nkhani ndi uti. Pa tsamba lililonse la domain yatsopano ikani canonical yoloza ku tsamba lomwelo la domain yakale. Canonical ndi kamzere kobisika m'mutu mwa tsamba kamene kamauza crawler kuti "tsamba lenileni ndi lakutilakuti, linoli ndi kope chabe". Tsamba lililonse liloze kwa mnzake weniweni, osati onse kuloza ku tsamba loyamba.

Chachiwiri, musatseke khomo. Ambiri pokonza webusaiti yatsopano amaikapo pasiwedi, kapena plugin imene imaonetsa aliyense tsamba lakuti "tikukonza", kapena chitetezo chothamangitsa ma crawler onse. Ounikawo akafika apeza chitseko chotseka, n'kulemba kuti webusaiti sikupezeka. Tsegulani domain yatsopano pa foni ina imene simunalowepo ngati mwini, muone zimene mlendo akuona. Onaninso kuti fayilo ya robots.txt (youza ma crawler kumene angalowe) kapena firewall (chitetezo cha seva) sizikutsekereza ma crawler a AdSense, amene mayina awo ndi Mediapartners-Google ndi Google-Display-Ads-Bot.

Chachitatu, kope lija likhale lathunthu ndi lodziimira palokha. Zithunzi zizitseguka, menyu iziyenda, malinki a m'kati aziloza ku domain yatsopano, https izigwira ntchito. Tsamba lofotokoza za inu, la mmene anthu angakupezereni, ndi la ndondomeko yosunga chinsinsi cha owerenga akhalepo, ndipo azitchula dzina latsopano. Webusaiti imene malinki ake onse akuthawira ku domain ina imaoneka ngati chigoba.

Chachinayi, lowani mu AdSense, gawo la Sites, onjezerani domain yatsopano. Akupatsani njira zotsimikizira kuti ndi yanu: kumata code yawo m'mutu mwa masamba, kuika mzere mu ads.txt, kapena kuika meta tag, kamzere kobisika m'mutu mwa tsamba. Sankhani imodzi, tsimikizirani, dinani popempha kuti aunike. Muona mawu akuti Getting ready. Pamenepo manja m'thumba. Musachotse domain n'kuionjezeranso poganiza kuti mukufulumizitsa, chifukwa mumangodzibwezera kumapeto kwa mzere. Mukaona Ready, mwadutsa. Mukaona Needs attention, werengani chifukwa chimene apereka, konzani chimenecho, m'pamene mupemphenso. Kupempha mobwerezabwereza osakonza kanthu sikusintha yankho.

Njira imeneyi ili ndi poterera pake, ndipo ndisakubisireni. Zimatheka kuti ounika aone nkhani zomwezo pa domain ina n'kuganiza kuti mwakopera za eni. Zikatero, musalimbane nazo kwa miyezi. Bwererani ku njira yachiwiri ija: ikani redirect kuti nkhani zitsale malo amodzi okha, kenako pemphaninso. Komanso musasiye makope awiriwa ali moyo nthawi yaitali chilolezo chitabwera kale. Chikangobwera, samukani sabata yomweyo. Ndipo kumbukirani kuti nkhani iliyonse imene mwalemba pa domain yakale pa nthawi yodikirayi kulibe ku yatsopano. Tsiku losamuka muyenera kukoperanso komaliza database, nkhokwe imene imasunga nkhani zanu zonse.

Za nthawi yosamukira: ngati mungathe kusankha, pewani November ndi December. Miyezi imeneyi amalonda amapikisana kwambiri chifukwa cha Black Friday ndi Khirisimasi, ndipo malo anu amagulidwa mokwera. Mu January mitengo imatsika. Tsiku limodzi lotayika mu January silipweteka ngati la mu December.

7. Ikani ads.txt pa domain yatsopano

Ads.txt ndi kafayilo ka mawu okhaokha kamene bungwe la IAB Tech Lab linayambitsa mu 2017 pofuna kuthana ndi akuba amene ankagulitsa malo a malonda ponamizira kuti ndi a mawebusaiti otchuka. M'kafayiloka mumalemba makampani amene mwawalola kugulitsa malo anu. Ogula ambiri amayang'ana kaye m'menemo asanagule. Kamakhala pa khomo penipeni pa domain, kutanthauza kuti mukalemba example.org/ads.txt kayenera kutseguka.

Mzere wa AdSense umaoneka chonchi, nambala yanu ikulowa m'malo mwa maziro:

google.com, pub-0000000000000000, DIRECT, f08c47fec0942fa0

DIRECT akutanthauza kuti akauntiyo ndi yanu mwachindunji. RESELLER akutanthauza kuti wina akugulitsa m'malo mwanu. Musasinthe mawu amenewa mwa nzeru zanu, koperani mmene kampani yakupatsirani.

Chifukwa chimene kafayiloka kamaiwalika n'chakuti mapulogalamu ena osamutsira webusaiti amanyamula nkhani ndi zithunzi zokha, mafayilo a pa khomo n'kuwasiya. Katseguleni nokha mu browser, ndi www komanso popanda www. Ngati muli mzere wa OWNERDOMAIN wotchula domain yakale, usintheni. Mu akaunti ya AdSense mulinso malo amene munalemba domain ya bizinesi yanu kuti izioneka mu sellers.json, mndandanda wa ogulitsa malo umene Google imaonetsa poyera; ngati munalembamo yakale, konzaninso. Mukakonza, chenjezo lofiira la mu akaunti silichoka pompopompo. Limatha masiku angapo, ndipo pa webusaiti ya alendo ochepa likhoza kufika mwezi.

A ma app, fayilo yanu ndi app-ads.txt, ndipo crawler imaipeza potsatira adiresi ya webusaiti imene munalemba pa Google Play kapena App Store. Ikani fayiloyo pa domain yatsopano, sinthaninso adiresi m'masitolo onsewo.

8. Konzaninso zimene zinamangidwa pa dzina lakale

Zambiri zimene munasankha mu akaunti zinali za domain yakale yokha. Ngati munatseka mitundu ina ya malonda pa webusaiti imeneyo, monga a njuga kapena a zibwenzi, onani ngati zotsekazo zikugwiranso ku yatsopano. Si bwino kumva kwa owerenga kuti pa tsamba la maphunziro a ana paoneka zochititsa manyazi. Auto ads, imene imasankha yokha poika malonda, imayatsidwa pa webusaiti iliyonse payokha, pamodzi ndi masamba amene munawapatula kuti pasamaoneke malonda.

Chachikulu ndi uthenga wopempha chilolezo cha owerenga. Kuyambira pa 16 January 2024, Google imafuna kuti amene akuonetsa malonda otengera zokonda za munthu kwa owerenga a m'mayiko a European Economic Area ndi UK agwiritse ntchito CMP yovomerezeka, kutanthauza kabokosi kaja kofunsa mlendo ngati akulola ma cookie, timafayilo timene webusaiti imasunga mu browser kuti izimukumbukira. Kabokosi kameneka kamamangidwa pa domain. Mukapanda kuwonjezera yatsopano, owerenga a kumeneko sakaona, ndipo ndalama zochokera kwa iwo zimagwa. Musadabwenso kuti owerenga anu akalekale akufunsidwanso: ma cookie sawoloka kuchoka pa domain ina kupita pa ina, choncho kwa browser aliyense ndi mlendo.

9. Tsiku losamuka

Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, tsitsani TTL ya DNS (nthawi imene makompyuta ena amasunga adiresi ya seva asanafunsenso) ifike pa masekondi 300 ngati mukusinthanso seva, kuti chilichonse chimene mungasinthe chifalikire msanga. Patsikulo, koperani database komaliza, kenako chotsani canonical ija yoloza kwakale kuti tsamba lililonse lidziloze lokha. Ngati munaikapo noindex, lamulo loletsa masamba kuoneka pa kufufuza, chotsaninso. Pa WordPress ndi kabokosi kali mu Settings, gawo la Reading, koletsa ma search engine. Ine ndemwe ndinakaiwalapo kameneka kwa masiku opitirira 7. Malonda ankaoneka bwino, chilolezo chinalipo, koma alendo ankacheperachepera tsiku ndi tsiku, ine n'kumakayikira aliyense kupatula ine mwini.

Kenako ikani redirect ya 301, tsamba ndi tsamba. Nkhani yakale ipite ku nkhani yomweyo pa domain yatsopano. Kutumiza onse ku tsamba loyamba n'kutaya owerenga, chifukwa munthu amene amafuna nkhani inayake akafikira pa khomo amangobwerera. Chenjerani ndi kumene munagula domain: ena amapereka njira yotumizira alendo imene ili ndi masking, yomwe imaonetsa webusaiti yatsopano m'kati mwa felemu pamene adiresi yakale ikuonekabe pamwamba. Imeneyo si redirect yeniyeni, ndipo imasokoneza a malonda ndi ma search engine omwe. Onaninso kuti sanakuikireni 302 inu osadziwa.

Redirect ikayamba kugwira, lowani mu Search Console, kumene ma domain onse awiri ayenera kukhala otsimikizidwa kale, mugwiritse ntchito chida cha Change of Address. Chidachi chimauza Google kuti isamutse mbiri yanu, ndipo chimagwira kwa masiku 180. Dziwani kuti Search Console ndi AdSense ndi maofesi awiri osiyana ngakhale mwini ndi mmodzi. Kuuza mmodzi si kuuza onse. Tumizani ku Search Console sitemap yatsopano, mndandanda wa masamba anu onse, sinthaninso adiresi mu Google Analytics.

Poyesa ngati malonda akuoneka, yang'anani ndi maso basi. Musadine malonda anu, ngakhale kamodzi "kongoyesa", ndipo musapemphe achibale kuti adine. Ma click oterowo amawerengedwa ngati achinyengo, ndipo domain yongobadwa kumene si yoti iyambe ndi mbiri yotero.

10. Masabata oyamba

Ndalama zikhoza kutsika ngakhale zonse mwazichita molondola. Pali zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo muyenera kudziwa kuti ndi chiti chikukukhudzani. Ngati alendo achepa, nkhani ili kwa ma search engine amene akusamutsabe masamba anu. Zimatenga masabata angapo, ndipo webusaiti ikakhala yaikulu zimatenga nthawi yotalikirapo. Ngati alendo ndi omwewo koma RPM yatsika, ndiye kuti ndalama zimene mumapeza pa masamba 1,000 oonedwa zachepa, nkhani ili kwa ogula malo. Amalonda ena amagula pa mayina okhawo amene ali pa mndandanda wawo, ndipo pamenepo pali dzina lanu lakale. Dzina latsopano sanalizolowere. Ngati muli ndi kampani yokuyendetserani malonda, ifunseni kuti yadziwitsa misika ingati ndipo yatsala ingati.

Koma ngati malonda sakuonekeratu, si nkhani yodikira. Yang'anani motsatana: kodi gawo la Sites likuti Ready, kodi code ili m'masamba, kodi ads.txt ikutseguka, kodi mu Policy center muli chenjezo. Nthawi zambiri vuto limakhala pa chimodzi mwa zinayizi.

11. Domain yakale musaitaye

Musafulumire kuichotsa mu akaunti ya malonda; siikuononga chilichonse, ndipo mungafune kubwerera ngati china chasokonekera masiku oyamba. Redirect isiyeni kwa chaka chimodzi kapena kuposa, monga Google imalangizira. Izi zikutanthauza kulipirabe domain yakaleyo, komanso kuonetsetsa kuti satifiketi yake ya https sinathe. Masatifiketi aulere a Let's Encrypt amakhala masiku 90 n'kumadzikonzanso okha, koma mukasintha DNS mosasamala kudzikonzako kumaima, ndipo wodina linki yakale amakumana ndi chenjezo loopsa redirect isanamugwire n'komwe.

Tsiku limene mudzaganize zoisiya, onani kaye imelo imene mumalowera mu akaunti zanu za malonda. Ngati imelo imeneyo ili pa domain yakale, aliyense amene adzagule domainyo inu mutaisiya akhoza kupanganso imelo yomweyo, kupempha pasiwedi yatsopano, n'kulandira uthengawo iyeyo. Sinthani imelo mu akaunti iliyonse imene munalemba pa pepala lija la sitepe 2, yatsani chitetezo cha masitepe awiri, kenako ichotseni domain yakaleyo m'ndandanda wa mawebusaiti anu kuti zimene mwini watsopano adzaikepo zisadzagwirizanitsidwe ndi nambala yanu.